Nyumba Imene Ndinakana Kuzira

Ndinafika ku Balaka ndili ndi pakati pa miyezi isanu, nditasenza dengu, ndipo m'dengumo, pansi pa nsalu ndi mphika, munali mwala. Inali nkhulungo ya amayi anga, mwala wakuda wosalala umene timakulungizira pansi tikamaliza kuzira nyumba. Amuna anga atauona anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ulendo wonsewu, kuchokera ku Chikweo, kuwoloka Shire pa Liwonde, mwasenza mwala? Anakuuzani ndani kuti ku Balaka miyala inatha?"

Mwamuna sadziwa za nkhulungo, iye amangoona pansi pakuwala n'kumayesa kuti panadziwalira pokha.

Kwathu mkazi sasaka nyumba. Mwamuna ndiye amabwera kwanu, amalume ako n'kumulozera malo, iye n'kumanga, ndipo nyumbayo imakhala yako. Ukwati ukatha wonyamula mkeka ndi iyeyo. Ine ndinakula ndikudziwa chinthu chimodzi, kuti nyumba imene ukuisesa m'mawa ndi yako, ndipo palibe anandiuzapo kuti kwina zinthu zimayenda mosiyana.

Amuna anga anali atapeza ntchito pa siteshoni, yokweza mabelo a thonje m'sitima. Chaka chathunthu ankagona m'chipinda chimodzi ndi amuna anzawo, ine ndili kumudzi. Ndinali nditaona zimene zinachitikira msuweni wanga: mwamuna wake anapita ku Limbe, chaka choyamba anatumiza nsalu, chachiwiri anatumiza moni, chachitatu tinangomva kwa anthu kuti ali ndi banja lina. Choncho pamene anga anabwera kudzationa, ndinawauza kuti pobwerera tipitira limodzi. Amayi anadandaula, amalume anang'ung'udza, koma ine ndikati ndapita ndiye kuti ndapita.

Adzukulu anga amaseka ndikamati Balaka inali tauni. Asiyeni aseke. Kwa munthu amene anakulira pakati pa chinangwa ndi matemba a ku nyanja ya Chiuta, mzere wa masitolo a amwenye uja, njinga zija, ndi sitima ikubwera ikufuka utsi, zinali zokwanira kuzunguza mutu. Chimene chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti kumeneko chilichonse n'chogula. Nkhuni kugula, ndiwo zamasamba kugula, ndipo ngakhale pogona pamene, mwezi ukatha umapereka. Mawu akuti lendi ndinawamvera kumeneko, ndipo ndinawamva ndi makutu okha, mumtima sanalowe.

Nyumba yoyamba inali ya telala wina amene ankasokera pa khonde la sitolo. Ndikuti nyumba chifukwa cha ulemu chabe. Denga linkaonetsa dzuwa, khoma la kumbuyo linali litagumuka m'munsi moti galu ankalowa osawerama, ndipo pansi panali maenje a makoswe. Ndinaima pakati pake n'kumva manyazi ngati kuti ndine ndinaiwononga. M'mawa mwake ndinafunsa amayi oyandikana nawo kumene kumapezeka tsiro, dothi lakuda lozirira lija. Anandilozera ku dambo, kutali ndithu, uku akuyang'anana.

Ndinaigwira ntchito imeneyo ndi mimba yanga. Ndinatseka maenje, ndinamata khoma, ndinazira pansi kawiri n'kukulungiza mpaka mkono kuuma. Amuna anga ndinawavutitsa Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi mpaka anamweta udzu n'kufolera. Kenako ndinapeza dothi lofiira ndi loyera, n'kulemba m'munsi mwa khoma mizere yokhotakhota monga amachitira amayi anga. Sindibisa, pa kuzira ndinali katswiri, ndipo ndinkadziwa. Akazi ankapatuka panjira kudzaona. Telala uja naye anabwera, anazungulira nyumba yonse manja ali kumbuyo, n'kunena kuti, "Mayi, manja anu ndi abwino." Ine kupusa kwanga ndinagwada n'kuthokoza.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anabadwira m'nyumba imeneyo nyengo ya dzuwa, mothandizidwa ndi amayi awiri oyandikana nawo. Patapita masiku mchombo wake unauma n'kugwa. Kwathu kachidutswa kameneko sikatayidwa wamba. Amakakwirira akuluakulu pakhomo pa mwanayo, pamalo pamene akulire, kuti mtima wake udziwe kwawo. Amayi ankati ukakwiriridwa pamalo pamene anthu akusamukapo, mwana amakula woyendayenda, wosakhazikika. Ansembe zimenezi sankazifuna, ndipo ine ndinali mkhristu wa kolona m'khosi, komabe mchombo wa mwana wanga sindikanauponya kudzala. Ndinaumanga m'kansanza koyera, ndikudikira kuti ndipeze mphamvu ndiitane mmodzi wa amayi aja tidzaukwirire m'mbali mwa khonde.

Telala anafika tsikulo lisanakwane. Anakhala pa khonde langa lozira bwino lija, anafunsa za mwana, anafunsa za kumudzi, kenako anatsokomola.

"Mayi, kwabwera akalaliki a ku msika wa thonje. Nyumba ino aiona, aikonda. Mwezi uno ukatha mundipatse."

"Ndikupatseni chiyani, bambo?"

"Nyumbayi."

"Iyiyi? Imene ndamata ine? Pamene munkatipatsa munali kulowa agalu muno, akalaliki anuwo anali kuti?"

"Iyayi, mayi, musakweze mawu. Kumata mwamata, koma nyumba ndi yanga."

Zimene ndinamuuza pambuyo pake sindingazilembe, chifukwa zina ndinakaulula kwa ansembe. Amuna anga atabwera madzulo anandipeza ndidakali wolusa. Anamvetsera, anayang'ana denga limene anafolera okha lija, n'kungoti, "Amake mwana, kwa eni kulibe mkuwe." Ndinawapsera mtima iwonso chifukwa chofatsa. Koma kenako ananena mawu amene anandiopsa. Anati mvula yayandikira, ndipo khanda silingagone panja. Tikapanda kupeza nyumba mwezi usanathe, andiperekeza ku Chikweo, iwo abwerere ku chipinda cha anzawo chija. Sananene mwankhanza, ankaganizira mwana. Koma ine ndinaona nkhope ya msuweni wanga.

Ndiye ndinayamba kusaka, mwana kumsana, mchombo uli pa mfundo ya nsalu yanga pamene akazi ena amamangapo makobidi. Dzuwa la ku Balaka mwezi umenewo silisewera. Nyumba zabwino zinalipo, za njerwa, zina za malata, koma zinali za anthu olemba ndi cholembera, osati onyamula mabelo. Ukangofunsa, mwini wake ankayamba wakuyang'ana kumapazi. Zimene tikanakwanitsa zinali ndi chifukwa chake chotsikira mtengo. Ina ndinaipeza pafupi ndi njanji, yooneka bwino ndithu, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera. Mayi wina amene ankasinja pafupi anandikodola n'kundionetsa bwalo lakuda la phulusa pambali pake. Anati sitima ikamadutsa imalavula moto, ndipo chilimwe chimenecho nyumba ya pamenepo inapsa masana anthu akuona. Ina inali kuseri kwa nyumba yogulitsiramo kachasu, chitseko chake chopanda mpiringidzo, ndipo ndili chiimire pomwepo mwamuna wina woledzera analowa n'kugona pansi ngati kwawo. Ndinabwerera kunyumba mapazi atatupa, ndipo tsiku limenelo ndinalira, osati ndi ukali, koma ndi mantha.

Atatsala masiku owerengeka, ndinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi siteshoni kuti ndiyamwitse. Pambali panga panali mayi wachikulire wa Chiyao amene ankagulitsa zitumbuwa kwa anthu a m'sitima. Ndinkamudziwa ndi maso okha: wamtali, wowonda, wa mpango woyera kumutu, wosaseka ndi munthu. Anthu ankati ali ndi nyumba yachiwiri pakhomo pake imene imangokhala yotseka, koma aliyense wokafunsa amabwezedwa ndi liwu limodzi la Chiyao lakuti ngapagwa, kutanthauza kuti palibe. N'chifukwa chake ine sindinadzivute n'komwe.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwali, si iwe wa m'nyumba ya telala?"

"Ndine, amayi."

"Akutulutsa?"

"Eya."

Anaphimba zitumbuwa zake ndi nsalu, anadzuka movutikira atagwira bondo, n'kunena kuti, "Tiye."

Pakhomo pawo panali patali ndi njanji, pamtunda pang'ono, pozunguliridwa ndi mpanda wa udzu, ndipo pakati pa bwalo panali mtengo wa bwemba. Nyumba yotseka ija inali yolimba, ya chitseko cha thabwa ndi mpiringidzo wake, denga losadontha. Koma pansi panali patang'ambikang'ambika ngati chidendene cha mlimi, ndipo makoma anali atayamba kusupuka. Za lendi sanavute, anati tizipereka zomwe tinkapereka kwa telala. Kenako anaimika chala.

"Koma umve. Nyumba iyi anamanga mwana wanga asanapite ku migodi ya ku Joni. Tsiku limene adzabwere, iwe utuluka tsiku lomwelo. Wamva?"

"Ndamva, amayi. Anapita liti?"

"Zimenezo si zako."

Tinasamuka mawa lake, ndipo patangopita masiku atatu mvula yoyamba inagwa. Ndinakhala m'nyumbamo ndikumvetsera ikugunda pa udzu, mwana ali pa chifuwa, osadontheredwa ngakhale dontho limodzi. Ndinathokoza Mulungu. Ndipo pomwepo ndinalumbira mumtima kuti nyumba imeneyi sindidzaikhudza. Ndinali nditaphunzira. Nyumba ya eni ukaikongoletsa umaitanira akalaliki. Nkhulungo ndinaikulunga m'chiguduli n'kuibisa pansi pa dengu. Ndinkasesa basi, ndipo posesa pomwe ndinkasamala kuti pasaoneke bwino kwambiri.

Musaganize kuti zinali zophweka. M'mawa uliwonse ming'alu ija inkandiyang'ana, manja anga n'kumayabwa. Fumbi linkakwera pa mphasa ya mwana. Ndinkachita manyazi mlendo akalowa, ine mwana wa amayi anga, kukhala pansi potero. Koma ndikakumbuka telala akuzungulira manja ali kumbuyo, ndinkauma mtima. Mchombo nawo unakhalabe pa mfundo. Ndikanaukwirira bwanji pamalo pamene ndinauzidwa kuti ndidzatuluka tsiku lomwelo?

Mayi a zitumbuwa aja sankalankhula zambiri. Ankadzuka m'mamawa kukaswali, n'kuyamba kusinja nthochi ndi ufa. Nthawi zina ankaika chitumbuwa chotentha pa khonde langa n'kubwerera. Mwana akalira kwambiri ankabwera, n'kumulanda m'manja mwanga ngati ndamulakwira, n'kumamuyimbira za Chiyao mpaka agone. Koma akalowa m'nyumbamo maso awo ankapita pansi, kenako kwa ine, ndipo ankatuluka atakwinya nkhope. Tsiku lina ndinapeza dengu la tsiro pakhomo panga. Anali atalipira munthu kuti akatape ku dambo. Ndinalilambalala. Linakhala pamenepo mpaka nkhuku zinayamba kufukulamo.

Lachisanu lina atabwera ku mzikiti anandipeza ndikusenda chinangwa pansi pa bwemba. Sanakhale pansi. Anaima patsogolo panga n'kuloza dengu lija ndi ndodo.

"Mwali, ndakulakwira chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Nanga dothi ili ndi la nkhuku? Telala wakuba uja unamuzirira mpaka pansi kumaoneka nkhope. Ine wandiona kuti ndine wa fumbi?"

Mtima wanga uja unabwera. Ndinaponya mpeni m'lichero.

"Ndizire kuti mundithamangitse? Ndinazira kamodzi, ndinaona malipiro ake. Ikakongola mudzaipereka kwa akalaliki, ine ndi mwana wanga tili pamvula. Iyayi, amayi, bola ikhale yonyansa koma tigonemo."

Ndinayembekezera kuti andilalatira, mwina kunditulutsa kumene. Koma sanatero. Kenako anatsika pang'onopang'ono, atagwira thunthu la bwemba, mpaka anakhala pansi n'kutambasula miyendo. Anakweza nsalu pang'ono n'kundionetsa mawondo awo. Anali otupa ngati maungu ang'onoang'ono.

"Taona. Chaka chilichonse ndinkazira ndekha nyumba imeneyo, kuti akabwera asapeze bwinja. Zaka zitatu tsopano sindigwada. Ngakhale poswali ndimakhala chokhala. Anthu abwera ambiri kudzaifuna, akalaliki ako omwewo, ena ndi ndalama m'manja. Ndinkawabweza. Kodi kalaliki amazira? Ine ndinkadutsa kwa telala popita ku siteshoni, ndinkakuona uli chogwada ndi mimba yako, ukukulungiza. Ndinati mumtima, manja awa akanakhala anga."

Ndinasowa poyang'ana. Miyezi iwiri yonse ndinkabisa chinthu chokhacho chimene anandiitanira. Ndinamva chisoni, ndinamvanso manyazi, ndipo pofuna kubisa nkhope ndinayamba kuseweretsa mfundo ya nsalu yanga monga ndinazolowera.

"Ndipo pa mfundopo pali chiyani?" anafunsa. "Tsiku lililonse uli gwire. Ngati ndi ndalama, zidzatha ndi thukuta."

Ndinamasula n'kuwaonetsa. Kanali kakang'ono, kouma, kakuda ngati kachikonyo ka dzungu. Sanafunse kuti n'chiyani. Ndinawauza zonse, za mawu a amayi anga, za telala kubwera tsiku lisanakwane, ndiponso kuti sindikanaukwirira pano chifukwa anandiuza okha kuti ndidzatuluka tsiku lomwelo. Ndinalankhula ndikulira, mamina ali chuchuchu, ngati kamwana.

Anayang'ana kansanza kaja m'dzanja langa. Kenako anati, "Katenge khasu kuseri kwa nkhokwe."

Nditabwera nalo, anakhwekhwereza thupi mpaka pa muzu waukulu wa bwemba umene unatulukira pamtunda, mbali ya kotulukira dzuwa. Anasesa masamba ndi dzanja n'kugunda pansi ndi chala.

"Wa mwana wanga uli apa. Ndinakwirira ndekha, mtengo uwu uli wofika m'chiuno." Anaseka pang'ono, kuseka koyamba kumene ndinawaona. "Amayi ako anene zawo, koma wangayu sunamugwire. Anapita basi, ngakhale kalata. Kumba pambalipa."

"Amayi, nanga akabwera?"

"Akabwera ali ndi manja, si anamanga yekha iyi? Kumba, mwali. Mwina wa mwana wakoyu ukamunong'oneza mnzake kuti kuno kuli anthu."

Ndinakumba kadzenje kakang'ono. Anatenga kansanza kaja m'manja mwanga, pakuti ndi ntchito ya akuluakulu, ananena mawu awo a Chiarabu chapansipansi, ine ndinachita chizindikiro cha mtanda, ndipo anakayika pansi n'kukwirira ndi manja awo. Anatsindira ndi chikhatho katatu. Mwana anali m'tulo kumsana kwanga, osadziwa kuti wapatsidwa kwawo.

Amuna anga pobwera ku ntchito anapeza katundu yense ali panja, ine ndili chogwada m'nyumba, matope mpaka m'zigongono, nkhulungo ili pambali. Anaima pakhomo n'kugwira mutu.

"Amake mwana, mwayambanso? Simunaphunzire?"

"Ndaphunzira. Tengani ndowa mukatunge madzi, musandiimire pakhomo."

Ndinazira nyumba imeneyo kawiri, ndinamata makoma, ndinalemba mizere ya amayi anga ija m'munsi. Nditamaliza ndinalowa m'nyumba ya mayi aja n'kuzira namonso, iwo atakhala pa mpando akundilozera ndi ndodo pamene ndalumpha, ngakhale panalibe pamene ndinalumpha.

Tinakhala pakhomo pamenepo zaka zambiri, ndipo ana anga ena atatu anabadwira momwemo. Mawu aja akuti ndidzatuluka tsiku lomwelo sanawabweze, ndipo ine sindinawapemphe kuti awabweze. Sitima ya kumwera ikalira ankasiya chilichonse n'kuyang'ana ku njira, ndipo inenso ndinkayang'ana. Mwana wawo sanabwere.

Chaka chilichonse mvula ikayandikira ndinkazira, ndipo pansi pakauma ankalowa ndi ndodo yawo, n'kupondaponda ndi chidendene kuyambira pakhomo mpaka ku khoma la kumbuyo. Akakhutira ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Akabwera apeza pabwino."

"Apeza pabwino, amayi," ndinkayankha motero, ndipo sindinkanama. Ndinkawakonda mayi amenewo, moti ndikagwada kupemphera ndinkapempha ndi mtima wonse kuti mwana wawo abwere, ndiponso ndi mtima womwewo kuti asabwere.